Kukonzanso felemu ya chogwirira pa Ruger Blackhawk yakale: lipoti la ntchito

Mfuti ndi mmene inabwerera

Mfuti yomwe ikukambidwa pano ndi Ruger Blackhawk ya zipolopolo za .357 Magnum, yopangidwa ndi kampani ya Ruger chapakati pa zaka za m'ma 1960. Ndi mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda ya zipolopolo 6, ya mtundu uja wofuna kuti munthu ayambe wakoka hamala (kachitsulo kakumbuyo kamene kamagwa n'kuphulitsa chipolopolo) ndi chala chachikulu asanawombe chipolopolo chilichonse. Ku America, komwe mfutizi ndi zofala, amaitchula Old Model kapena three-screw chifukwa cha masikuluwu atatu amene amaonekera m'mbali mwa felemu yaikulu. Blackhawk inayamba kupangidwa mu 1955, ndipo mtundu wakalewu unasiyidwa pamene mtundu watsopano, New Model, unatuluka mu 1973.

Pa mfutizi, pogwira dzanja si chitsulo chimodzi ndi felemu yaikulu yosunga silinda ija. Ndi chidutswa chapachokha, choumbidwa m'chikombole pamodzi ndi mphete yotchinga trigger (kachitsulo kokokedwa ndi chala powomba), chomangidwa ku felemu yaikulu ndi masikuluwu asanu, ndipo uku ndi uku chimavala timatabwa tiwiri ta mtengo wa walnut. Imeneyi ndiyo felemu ya chogwirira. Kunsi kwa timatabwa kunali chizindikiro cha XR3-RED, kusonyeza kuti ndi felemu yokonzedwanso imene cha mu 1962 ndi 1963 inalowa m'malo mwa felemu yoyamba, ya XR3. XR3-RED ili ndi mpata wokulirapo kuseri kwa mphete, ndipo timatabwa ta felemu ziwirizi sitisinthanitsika. Wofuna kugula timatabwa tatsopano ayambe wawerenga chizindikirocho.

Zitsulo zina zonse zinali bwino: kuda kwake kwapafakitale kunali kudakalipo, kungoyera pang'ono kukamwa kwa mpope chifukwa chokhulana ndi chikwama. Vuto linali pa felemu ya chogwirira. Khungu lakuda linali litasupuka kumsana ndi kutsogolo kwa mphete. Kuthako kunali timaenje tambirimbiri, tosonyeza kuti wina ankakhomera zinthu ndi mfutiyi. Pamwamba pa zonsezi wina anapoperapo penti wakuda wa m'chitini, ndipo pentiyo anali akunyotsoka zigamba. Choipa kwambiri chinali pa khutu la kumanzere, pamene felemu imakwera n'kukumana ndi felemu yaikulu m'mbali mwa hamala: anapitapo ndi kamashini kozungulira ka m'manja, m'mphepete n'kubulungira, moti chikhadabo chinkalowa pampata. Mwini mfuti anapempha kuti felemu iyeretsedwe ndi kuwalitsidwa, isabwezeredwe kukuda.

Zofunika kudziwa sandipepala isanakhudze

Choyamba ndi kudziwa kuti felemu ndi ya chiyani, chifukwa njira yonse imatsamira pamenepo. Maginito sanagwire. Koma zimenezo zimangotiuza kuti si chitsulo, basi. Mfuti zina zotchipa za kapangidwe komweka, makamaka za .22, zili ndi mafelemu a zinc wosakaniza, amenenso maginito sagwira. Chimasiyanitsa ndi kulemera: aluminiyamu amalemera magalamu 2.7 pa kyubiki sentimita, zinc wosakaniza amapitirira 6.5, chitsulo chili pafupi ndi 7.8. Felemu ya aluminiyamu ukainyamula yokha imapepuka modabwitsa, ndipo iyi inali yotero. Kachubu kosunga ndodo yotulutsira makhoka a zipolopolo, m'mbali mwa mpope, nakonso kanali ka aluminiyamu. Blackhawk ndi Single-Six (mfuti ina ya Ruger) za nthawi imeneyo zinkatuluka ndi felemu ya aluminiyamu yodetsedwa mwa njira ya anodizing (yopanga khungu lolimba ndi magetsi), pamene Super Blackhawk, yomwe inayamba mu 1959, inali ndi felemu yachitsulo.

Chachiwiri ndi kufunsa ngati mfutiyo siili bwino kuisiya mmene ilili. Mwachitsanzo, mfuti ya Colt Single Action Army ya mbadwo woyamba, kuyambira 1873 mpaka cha mu 1940, siyenera kuyandikira gudumu lopolishira ngakhale itachita mbuu. Osonkhanitsa mfuti zakale amalipira khungu lapachiyambi, ngakhale lotha, ndipo mtengo umagwa tsiku lomwe yapolishidwa. Komanso pa Colt zambiri zakalezo nambala ya mfuti inadindidwa pa felemu, pa mphete ndi pa msana womwe, ndipo lamulo la dziko la America limaletsa kufufuta kapena kuwononga nambala imeneyi. Pa Blackhawk nambala ili pa felemu yaikulu, kotero felemu ya chogwirira ilibe mlandu umenewo. Old Model yosakhudzidwa nayonso ili ndi oifuna, koma iyi penti ndi khutu lobulungira zinali zitaichotsa kale m'gulu limenelo.

Mwiniwake anauzidwa poyera kuti njirayi ilibe pobwerera. Anodizing si utoto wopaka. Ndi khungu la aluminiyamu mwini wake, losandutsidwa ndi magetsi m'madzi a asidi n'kumwetsedwa utoto, lopyapyala kwambiri, nthawi zambiri losapitirira mamilimita 0.025, koma lolimba kuposa aluminiyamu wa pansi pake. Likachoka, chotsala ndi chofewa: mphete ya pachala imachikanda, thukuta limachidya.

Kumasula

Silinda inachotsedwa ndi kuonetsetsa kuti mulibe kanthu. Titachotsa timatabwa, tinakoka hamala mpaka kumapeto, n'kulowetsa kamsomali kakang'ono pa kabowo kamene kamaonekera kumunsi kwa ndodo ya sipuling'i yaikulu, kenako n'kutsitsa hamala pang'onopang'ono. Kamsomaliko kamagwira sipuling'i ili yopanikizika, ndodo n'kumatuluka yonse pamodzi. Kamsomaliko kasazulidwe ndodo ili panja, chifukwa sipuling'iyo ndi yamphamvu ndipo kuibwezeretsa ndi ntchito ina.

Masikuluwu asanu ali motere: awiri kumbuyo, uku ndi uku kwa hamala, awiri pansi pafupi ndi trigger, imodzi kutsogolo kwa mphete. Sali ofanana onse, n'chifukwa chake tinawabaya pa katoni monga mwa malo awo. Sikuludiraiva iyenera kukhala ya nsonga yowongoka, yodzaza mng'alu wa sikuluwu thi, osati yosongoka ngati mphero ya m'sitolo ya zida za m'nyumba, chifukwa imeneyo ndiyo imatafuna mitu. Atatu mwa asanuwa anali otafunidwa kale ndipo anasinthidwa. Felemu ikamachoka, tizinthu tiwiri timathawa: kasipuling'i ndi kamsomali kokankha pawl (kachitsulo kozunguliza silinda), tobisala m'bowo la kumbuyo kwa felemu yaikulu chakumanzere, ndi kasipuling'i ndi kamsomali ka trigger, tokhala m'bowo la felemu ya chogwirira kuseri kwa trigger. Kumasulira m'kati mwa jumbo yoonekera kumapulumutsa munthu ku ntchito yokwawa pansi.

Kuchotsa penti ndi khungu lakuda

Penti anachoka ndi mankhwala osungunulira penti otchedwa acetone ndi mswachi wolimba. Ayenera kuchoka yense kaye, chifukwa soda salowa bwino pa penti, ndiye amayamba kudya malo ovundukuka pamene malo ena sanakhudzidwe.

Ambiri amafunsa chifukwa chosangopala khungulo ndi sandipepala. Zimatheka, koma zotsatira zake n'zoipa pa chifukwa ichi: sandipepala ikaboola khungu pamalo amodzi, imayamba kukumba aluminiyamu wofewa pamenepo msanga, pomwe zigamba za khungu lolimba zatsala pambali zikungoterereka. Pomaliza msana umakhala wa zitunda ndi zigwa, zosaoneka ukadali wa mbuu, koma zoonekeratu ukangowala. Pa felemu imene khungu latha kale theka, ngati iyi, vutoli limakula.

Tinagwiritsa ntchito caustic soda, yemwe uja amapangira sopo: magalamu 50 mu lita imodzi ya madzi ozizira, m'chidebe chapulasitiki. Soda ndi amene amathiridwa m'madzi, osati madzi pa soda. Madzi amatentha soda akamasungunuka, ndipo ayenera kuzizira kaye, chifukwa soda wofunda amadya mofulumira moti sungamuwongolere. Magolovesi a labala, magalasi oteteza maso, ndipo ntchito ichitikire panja kutali ndi moto, popeza thovu limene limatuluka ndi mpweya wa hydrogen, umene umayaka.

Felemu isanaviikidwe, malo onse okhudzana ndi felemu yaikulu anamatidwa ndi phula la kandulo losungunula: pamwamba pa mbale ya mphete, nkhope za makutu awiri, mabowo asanu a masikuluwu, bowo la kasipuling'i ka trigger, ndi pokhalira ndodo ya sipuling'i yaikulu. Malo amenewa safunika kuyera, saoneka, ndipo ndi amene amakhazika felemu pamalo pake. Soda akawadya, felemu imayamba kugwedera, masikuluwu n'kumamasuka okha mfuti ikamalira.

Kuviika kunali kwa masekondi 30 mpaka 45, kutulutsa, kutsuka ndi madzi, kukwecha ndi mswachi, kuyang'ana, n'kubwezanso. Zonse pamodzi sizinapitirire mphindi zinayi. Utoto ndi umene umayamba kutuluka, madzi n'kuda, koma kutuluka kwa utoto sindiye kutha kwa khungu. Mita yoyezera magetsi imathetsa mkangano: khungu la anodizing silidutsa magetsi, aluminiyamu wamaliseche amadutsa. Mukagunditsa nsonga ziwiri za mita mopepuka pamalo osiyanasiyana ndipo ikulira ponseponse, siyani. Felemu imatuluka yakuda bii ngati yadzola mwaye, ndipo oyamba kumene amaganiza kuti khungu silinachoke n'kuibwezanso m'madzi. Kudako ndi zotsalira za silicon ndi zitsulo zina zosakanizidwa mu aluminiyamu, zimene soda sasungunula. Zimachoka ndi kansalu kokwechera ka Scotch-Brite. Pambuyo pake felemu inatsukidwa m'madzi osakaniza ndi viniga theka ndi theka, kenako m'madzi ambiri, ndipo mabowo anapemereredwa ndi mpweya wa kompuresa. Soda wotsalira m'bowo amapitiriza kudya, ndipo amadzaonekera ngati ufa woyera pakapita masabata.

Kuwongola mizere

Ntchito yeniyeni ili apa. Kuwalitsa aluminiyamu n'kosavuta, ngakhale mwana angathe. Felemu yokonzedwa bwino imadziwika ndi m'mphepete mwake: pamene ikukumana ndi timatabwa, pamene ikukumana ndi chitsulo chakuda, ndi pozungulira mitu ya masikuluwu.  Ukasalaza felemu ili yokha, sandipepala imapendeka ikafika m'mphepete, n'kudya ngodya. Pang'ono pokha pakwanira kuti pakhale kamngalande kakuda pakati pa thabwa ndi felemu, kamene diso limakaona msanga kuposa kuwala konse kuja.

Njira yake ndi kupatsa m'mphepete chochirikiza. Tinasema timatabwa tiwiri tongogwirira ntchito kuchokera ku thabwa lolimba, n'kutimanga pa felemu ndi sikuluwu yake yomwe ija, titsamira pa kamsomali kokhazika timatabwa kamene kali kumunsi. Sandipepala ikamadutsa pa aluminiyamu n'kupitirira pa thabwa popanda kugwera, ngodya imakhala yakuthwa. M'mabowo a masikuluwu munalowa masikuluwu akale otafunidwa aja, opalidwa mitu kuti ilingane ndi pamwamba, omangidwa ndi manati kuseri. Popanda zimenezo bowo lililonse limasanduka kambale kolowa m'kati. Kachitsulo kopalika pa mitu ya masikuluwu kamachoka ndi madzi ngati mukutsuka pafupipafupi.

Timatabwa tenitenito tinayezedwa pa felemu ntchito isanayambe, ndipo tinapezeka kuti tinauma n'kubwerera m'kati ndi zaka, moti aluminiyamu ankatundumuka pafupifupi mamilimita 0.2 kumsana. Umenewo unali mwayi, chifukwa ndiwo unali muyezo wa zimene tingachotse timatabwa tisanayambe kupitirira felemu. Mzerewo unalembedwa ndi nsonga ya singano m'mbali mwa felemu, mozungulira thabwa lililonse.

Thako linayamba ndi tupa wa mano osalala, wopakidwa choko kuti aluminiyamu asamatirire m'mano. Kachidutswa kamodzi komatirira kamakanda mzere wozama umene umadya nthawi yambiri kuuchotsa, choncho mano ayenera kupukutidwa pakangopita mikoko ingapo. Thako lonse linapakidwa inki ya cholembera chachikulu, n'kupalidwa mopingasa, tupa atagwiridwa ndi manja awiri. Inki imatsala m'maenje n'kumaonetsa pamene mwafika. Titachotsa pafupifupi mamilimita 0.2, timaenje tonse tinatha kupatula kamodzi ka pangodya yakumbuyo. Kameneko kanasiyidwa. Kukalondola kukanafuna kufupikitsa chogwirira chonse chifukwa cha kadontho kamodzi.

Khutu lakumanzere linalibe mankhwala enieni, chifukwa aluminiyamu wochoka sabwerera. Kuwotcherera ndi mashini a TIG pa kachidutswa kopyapyala koumbidwa m'chikombole kumatha kupinda felemu, ndipo powotchererapo pamaoneka mtundu wina pakawala. Kupala felemu yaikulu kuti itsike ilingane ndi khutu sikunaganiziridwe n'komwe, chifukwa ndiko kuwononga chitsulo chabwino pofuna kubisa chilema cha aluminiyamu. Chimene chinachitika ndi ichi: kachidutswa ka aluminiyamu kathyathyathya kanapanidwa pa nkhope ya khutu kuti kachirikize m'mphepete, ndipo mbali ya khutu inatsitsidwa ndi sandipepala yomata pa kachitsulo kowongoka mpaka kubulungira kuja kutatsala kochepa. Khutu latsika pafupifupi mamilimita 0.1 kunsi kwa chitsulo. Kasitepe kowongoka kotere kamaoneka bwino kuposa m'mphepete mobulungira, ngakhale chala chimakamva. Khutu lakumanja linali lotundumuka pang'ono, ndiye linasalazidwa felemu itamangidwa pa mfuti, chitsulo chakuda chitamatidwa tepi. Sandipepala ikayamba kukanda tepi, ndi pomwepo poimira.

Sandipepala

Ndondomeko ya manambala a sandipepala, kuyambira yokhakhala mpaka yosalala, inali 320, 400, 600, 800, 1000, 1500, yonse ya m'madzi, m'madzimo muli dontho la sopo wotsukira mbale. Madzi amaletsa sandipepala kutsekeka, komanso amagwira fumbi la aluminiyamu, limene siliyenera kuuluka pafupi ndi galainda yothetheka. Pamalo athyathyathya sandipepala inali pa chipika cholimba nthawi zonse. Chala chokha sichiloledwa, chifukwa mnofu umalowa m'chigwa chilichonse n'kuchikulitsa. Kumsana ndi kumimba kwa chogwirira, komwe n'kokhota, tinayamba motsata utali ndi chipika cha labala yolimba, kenako ndi kansalu ka sandipepala kotambalala mamilimita 20, kokokedwa uku ndi uku mopingasa, felemu itapanidwa pa vaisi ya milomo yachikopa, yogwira pa timatabwa tongogwirira ntchito tija. M'kati mwa mphete munalowa kamtengo kobulungira kokulungidwa sandipepala.

Nambala iliyonse iyende mopingasa mizere ya nambala yapitayo. Mukatero mumaona ndi maso pamene mizere yakale yatha. Nthawi yambiri ithere pa 320 ndi 400, chifukwa m'pamene maonekedwe amakhazikika; kuyambira 600 kupita m'tsogolo mukungofufuta mizere, simukuwongolanso kanthu. Kulumpha nambala n'kudzinamiza: mzere wa 320 wotsala subisika ndi 1000, umangowala nawo. Posintha nambala, felemu, chipika ndi manja zitsukidwe, madzi atayidwe. Kamchenga kamodzi ka 320 kotsalira m'madzi a 1500 kamabweza ntchito m'mbuyo.

Sitiliwulu asakhudze aluminiyamu, ngakhalenso gudumu limene linapolishapo chitsulo. Tizitsulo timalowa mu aluminiyamu wofewa, ndipo pakapita nthawi pamatuluka timadontho ta dzimbiri pa chinthu chimene pachokha sichichita dzimbiri lofiira.

Timabowo ta m'chikombole

Pa 400 panaoneka timabowo titatu tating'ono ngati nsonga ya singano kumunsi kwa msana. Izi zimachitika ndi aluminiyamu woumbidwa m'chikombole, kaya wapangidwa ndi ndani: mpweya umatsekeredwa m'kati pamene akuuma, ndipo pamwamba pamakhala bwino mpaka utapalapo. Chilakolako chimakhala choti upalepo pang'ono kuti tichoke. Nthawi zambiri kabowo kamakula ukamatsika, kapena pansi pake pamatuluka tina. Tinasiya pomwepo. Felemu ikanakhala yoti ipakidwa, timabowoto tikanamatidwa ndi guluu wa epoxy wa zitsulo n'kubisika. Pa aluminiyamu wowala, chomatira chimaoneka ngati kadontho kotuwa, koipa kuposa kabowo. Chofunika ndi kutitsuka ndi acetone ndi mswachi pambuyo popolisha, chifukwa mankhwala opolishira akuda amadzaza m'menemo n'kutikulitsa m'maso.

Kuwalitsa

Gudumu lansalu la pa mashini silinagwiritsidwe ntchito, ndipo pa felemu ya chogwirira ndi bwino kulipewa pokhapokha munthu atalizolowera kwambiri. Limabulungiza ngodya m'masekondi ochepa, limakumba timabowo tija n'kutisiyira michira, ndipo mphete ya trigger ndi chinthu chimene gudumu limakonda kukola n'kuchiponya. Wolifuna asankhe mashini oyenda pang'onopang'ono, a maulendo pafupifupi 1,750 pa mphindi osati 3,450, gudumu lofewa losasokedwa, ayambe ndi mankhwala opolishira ofiirira otchedwa tripoli n'kumaliza ndi mankhwala oyera, agwire felemu kunsi kwa pakati pa gudumu, ndipo timatabwa tochirikiza tikhale tili pomwepo.

Pa ntchito iyi, pambuyo pa 1500 tinapolisha ndi manja: mankhwala a phala opolishira aluminiyamu, monga Flitz kapena Simichrome, pa nsalu yathonje yokulungidwa pa chipika chomwe chija. Nsalu imada bii msanga, monga amadera manja a munthu wokwecha poto wa aluminiyamu, ndipo iyenera kutembenuzidwa pafupipafupi. Kuwala kwa pamanja sikufika pa kalilole weniweni, koma pa aluminiyamu wokhala ndi silicon wambiri kalilole weniweniyo safikika ngakhale ndi gudumu: pamatsala kautsi kotuwa. Mwiniwake anauzidwa zimenezi ntchito isanayambe. Pomaliza felemu inatsukidwa ndi acetone n'kupakidwa phula loteteza la Renaissance Wax kawiri. Vanishi woonekera sanapakidwe. Pa chinthu chowala chonchi sagwira bwino, amayamba kunyotsoka pamene dzanja limakhula, ndipo pamapeto pake amafuna kuchotsedwa yense.

Kachubu ka m'mbali mwa mpope kanasiyidwa kakuda. Ena amakayeretsa nako kuti kafanane ndi chogwirira, koma khungu lake linali lamoyo, ndipo panalibe chifukwa cholipha.

Timatabwa

Kumsana ndi kumimba timatabwa tinalingana ndi felemu popanda kutikhudza, chifukwa sitinadutse mzere wa singano uja. Kuthako tinapitirira felemu pang'ono chifukwa cha tupa. Felemu inamatidwa tepi, timatabwa n'kumangidwa, kunsi kwake n'kusalazidwa ndi 320 ndi 400 pa chipika mpaka tepi itayamba kukandika. Popalidwapo panapakidwa mafuta a linseed ophika, mopyapyala, kangapo, kudikira kuti aume pakati pake. Mbali zina za timatabwa ndi timendulo take sizinakhudzidwe.

Kumanganso ndi kuyesa

Phula la kandulo lotsalira linachotsedwa ndi madzi otentha ndi kamtengo kosongoka. Pamalo okumana aluminiyamu ndi chitsulo panapakidwa girisi wochepa kwambiri, popeza zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Povuta ndi pokweza felemu: kasipuling'i ka pawl kamatulukira kunja kwa bowo lake, ndipo khutu lakumanzere liyenera kukakankha molunjika. Likakapana cham'mbali kamapindika, silinda n'kuyamba kuzungulira modukizadukiza. Nthawi yomweyo kamsomali ka trigger kayenera kugwera kuseri kwa trigger, ndipo mutu wa ndodo ya sipuling'i yaikulu ulowe pamalo pake kunsi kwa hamala. Masikuluwu onse asanu ayambe alowa momasuka, kenako amangidwe mosinthanasinthana pang'onopang'ono. Kumanga imodzi gwa anzake asanalowe kumapendeketsa felemu, makutu n'kusiyana ndi chitsulo. Kadontho ka Loctite wabuluu (guluu wogwira masikuluwu) pa sikuluwu iliyonse n'kokwanira, wofiira ayi. Pomaliza hamala imakokedwa, kamsomali ka pandodo n'kuzulidwa.

Mfuti ili yopanda zipolopolo, hamala inakokedwa pang'onopang'ono ndipo inalira kanayi, monga Old Model yosasinthidwa imachitira. Pa malo achiwiri silinda inazungulira momasuka, pa omaliza inatsekeka bwino pa zipinda zonse 6, ndipo trigger inkabwerera yokha. Hamala siinakhule makutu a felemu. Mwiniwake anakumbutsidwa kuti mfutiyi ilibe transfer bar (kachitsulo koteteza kuti mfuti isalire yokha hamala ikagundidwa), choncho imanyamulidwa ndi zipolopolo zisanu, chipinda cha kunsi kwa hamala chili chopanda kanthu, komanso kuti Ruger amaika zida zotetezera pa Old Model kwaulere mwini akaitumiza kufakitale.

Akanafuna yakuda, kapena felemu ikanakhala ya chitsulo china

Aluminiyamu salandira bluing, njira yodetsera chitsulo cha mfuti. Mchere wa bluing yotentha uli ndi soda wambiri ndipo umawira pafupifupi madigiri 140. Felemu ya aluminiyamu ikalowamo imadyeka, n'kuwononganso mchere wonse wa m'thanki. Mankhwala odetsera aluminiyamu a m'botolo, monga Aluminum Black, ndi ophimbira kachilonda kakang'ono, osati felemu yonse. Kuipanganso anodizing kumatheka, koma aluminiyamu woumbidwa wa silicon wambiri amatha kutuluka wotuwa kapena wamawangamawanga, ndipo wochita ntchitoyo sangalonjeze mtundu. Njira yodalirika ndi utoto wowotcha mu uvuni, monga Cerakote ya mtundu wa H. Pamenepo sandipepala imathera pa 320, felemu n'kupoperedwa mchenga wa aluminium oxide wa nambala 100 kapena 120, osati mikanda yagalasi, imene imasalaza m'malo mokanda ndipo utoto sugwira. Felemu iyambe yawotchedwa yopanda utoto kwa ola limodzi kuti mafuta obisala m'timabowo atuluke. Akatuluka, itsukidwenso ndi kupoperedwanso. Utoto ukhale wopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.025, ndipo uwotchedwe maola awiri pa madigiri 121.

Felemu yachitsulo imatsata njira yomweyi yochirikiza m'mphepete, koma kusalaza kuime pamene pakufanana ndi felemu yaikulu, nthawi zambiri cha pa 400. Ikawala kuposa mnzake, bluing imatuluka mitundu iwiri. Ya mkuwa wachikasu, monga ya pa mfuti za ku Italy za Uberti ndi Pietta zotengera Colt 1851 Navy, ndi yofewa ndipo ngodya zake zimatha msanga ngati za aluminiyamu. Imawala mosavuta, imadanso msanga, ndipo ambiri amaisiya kuti ikhale ya mtundu wakupsa uja. Pa Colt zenizeni za m'ma 1850, mkuwawo kawirikawiri unkakutidwa siliva wopyapyala, ndipo kotsalira kake m'makona sikayenera kupukutidwa ndi mankhwala alionse okanda.

Mmene ilili tsopano

Mfuti itabweranso patapita miyezi ingapo ikuwombedwa, masikuluwu anali akadali gwa ndipo panalibe ufa woyera m'mabowo. Msana unali utazirala pang'ono, uli ndi timizere ta mphete ya pachala, ndipo m'timabowo titatu tija munali mutada. Zonsezi zinachoka ndi mankhwala a phala pa nsalu ndi mswachi wa acetone m'mphindi zochepa. Mwiniwake anauzidwa kuti azipukuta thukuta akangomaliza kuwomba, azipaka phula kamodzi pa mwezi, ndipo akamapolisha azisiya timatabwa pomwepo titamatidwa tepi, nsalu ili pa chipika. Kasitepe ka pa khutu lakumanzere kadakalipo; kangathe pokhapokha atapeza felemu ina ya XR3-RED, ndipo imeneyo idzafunanso kulinganizidwa ku mfutiyi ndi tupa.